Darmaji ndi Dilowa 49

Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, zija munthu wovala tayi amaima patsogolo n'kukuuzani kuti munabadwa opambana, pepani, pano palibe tayi. Olankhula choncho amadyera inu nomwe. Pano pali Darmaji basi, ndi maondo ake awiri otupa ngati mapapaya.

Chaka cha 1993, ku Surabaya, Darmaji anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Becak yake, njinga ya matayala atatu, imene anapalasa theka la moyo wake akunyamula anthu, inali itakwezedwa pa lole ya olanda, ndipo sanaionenso. Anayamba kunyamula katundu m'nyumba ya nsanjika zinayi yogulitsiramo makompyuta. Sikirini imodzi ya nthawi imeneyo inkalemera ngati mbuzi yabere, ndipo chikepe cha m'nyumbamo chinkayenda tsiku lobwera alendo olemekezeka lokha.

Tsiku lina anakhala pa masitepe kuti apume, n'kulephera kudzuka. Wosisita mafupa atabwera anagwira bondo, napukusa mutu.

"Cak Darmaji, maondowa atha. Mukapitiriza masitepewa, miyezi itatu mudzayamba kukwawa."

Mkazi wake Sulikah ankakazinga tempe, chakudya cha soya, pakhomo pa nyumba yomweyo. Atamva nkhaniyi sanalire ayi. Anangotembenuza tempe m'mafuta.

"Basi zatha. Tikapita kumudzi pa Idi, sitibwereranso. Achimwene ku Lamongan akufuna munthu woweta abakha."

"Ine? Ndikawete abakha a Karnoto?"

"Abakha sakwera masitepe."

Karnoto ndi mlamu amene tsiku la ukwati wawo anauza alendo kuti mlongo wake wakwatiwa ndi njinga. Darmaji akanalola kumeza misomali kusiyana n'kukadya mpunga wa munthu ameneyo.

"Ngati abakha simukuwafuna, pezani ntchito ya pampando," anatero Sulikah. "Kwatsala miyezi iwiri. Koma bambo, munthu wolekezera kalasi yachinayi, mpando akupatseni ndani?"

Funso linali loona, ndipo n'chifukwa chake linawawa.

Tsono m'nyumbamo munali kubera kwina kumene aliyense ankakudziwa, kupatula ogula. Chimene chinkakweza mtengo wa kompyuta ndi memore, timatabwa ting'onoting'ono tosomekedwa m'kati. Wogulitsa ankanena kuti muli mamega anayi, pomwe muli awiri. Wogula sakanatsegula kuti aone, chifukwa pa sikuluwu ya kumbuyo pankamatidwa sitika ya shopu. Ukaing'amba, shopu siikudziwanso. Kompyuta ikafa mawa, yafera iwe. Poyatsa, kompyuta inkawerenga yokha memore yake, koma masikirini aja ankachedwa kuwala, moti pofika poonetsa zinthu, kuwerengako kunali kutadutsa. Kenako wogulitsa ankaonetsa pulogalamu yakeyake ya zilembo zikuluzikulu, yonena zimene iye anaiuza.

Darmaji ankazidziwa izi ndi msana wake. Ndiye ankakweza makompyuta a anthu obwera atakwiya, ndiyenso ankawatsitsa anthuwo atagonja.

Sulikah ankakulungira tempe m'mapepala akale ogula pa kilo: mayeso a ana asukulu, makalata a maofesi, masamba a mabuku ojambulidwa pa makina. Masana ena Darmaji akudya, maso ake anagwera pa pepala lamafuta limene linali m'manja mwake. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu.

Pepalalo linkati m'kompyuta muli kachipangizo kokhala ndi batire yakeyake, kangati kabati ya madilowa 64. Ukatchula nambala ya dilowa pa khomo 112, zimene zili m'dilowamo zimatulukira pa khomo 113. Panali mizere iwiri ya BASIC, chilankhulo cholamulira kompyuta, yochitira zimenezo. Ndipo pansi penipeni panalembedwa kuti kompyuta ikayaka, imawerenga memore yake n'kusunga chiwerengerocho mu dilowa 48.

Tsamba linathera pomwepo. Darmaji sanadzifunse ngati nkhaniyo inkapitirira kwina.

"Mayi ake, mpando ndaupeza!"

"Uli kuti?"

"Uli papepalapa. Ndiziwawerengera ogula memore popanda kung'amba sitika. Nditakhala pansi!"

"Mundibwezere pepalalo mukatha. Likadali labwino."

Anapita ku nyumba ina yobwereketsa makompyuta kwa ana a koleji. Anakhala pakati pawo, fungo la mafuta osisitira maondo lili guu, n'kuyamba kusaka zilembo ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mpunga. Mizere iwiriyo inamutengera masana atatu. Pomaliza kompyuta inayankha.

Inati 0.

Munthu wina akanakayikira pepala. Darmaji anakayikira mwini nyumbayo. Anasunga mizereyo pa disiketi, nakaiyesa mobisa pa kompyuta ina m'shopu imene ankadikiramo katundu. Ziro. Anayesa yachitatu. Ziro. Mtima wake unadzaza chimwemwe cha munthu amene wapeza umboni wa zimene ankadziwa kale, zoti anthu onse ndi akuba. Pamenepo sanalakwitse kwambiri. Analakwitsa posankha woyamba kumugwira.

Pa nsanjika yachitatu panali shopu ya Koh Hian, nkhalamba yosaseka, youmira moti inkazimitsa fani ikapita kuchimbudzi. Koma m'nyumba monsemo, munthu mmodzi yekha amene sankaba anali ameneyo, ndipo n'chifukwa chake shopu yake inali yaing'ono.

Mphunzitsi wina anali atangogula kompyuta kwa iye. Darmaji, m'malo moinyamula, anatulutsa disiketi m'thumba.

"Pak Guru, musanapite, ndiloleni ndikuonetseni kanthu."

Analowetsa disiketi, nagogoda. Ziro. Darmaji anatuluka pakhonde kuti onse amve.

"Anthu inu, bwerani mudzaone! Ena amaba theka, koma Koh Hian waba yonse! Mulibe memore ngakhale kadontho!"

Anthu anakhamukira pomwepo, pakuti palibe chimene chimaitana anthu ngati tsoka la mnzawo. Koh Hian anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Darmaji, kompyuta yopanda memore ikanayaka bwanji? Unayamba waona munthu wopanda ubongo akuyenda?"

"Ine ndikumuona pompano!" anakuwa Gunadi wa shopu yaikulu ya patsidya, wakuba wamkulu wa m'nyumbamo.

Khonde lonse linafa ndi chikhakhali. Koh Hian anang'amba yekha sitika yake, natsegula bokosi. Timatabwa tinayi tinali ndaa, mega imodzi kalikonse. Safunsa anadya phula.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Ziro. "Ziro, nyamula ichi!" "Ziro, tawerenga, ndili ndi akazi angati?" Ngakhale alonda a pageti ankamulonjera popinda chala ngati mphete.

"Ndamva mwatchuka," anatero Sulikah.

Darmaji anakhuthula thumba lonse la mapepala, kufuna tsamba lotsatira. Anapeza mayeso a masamu, kalata yopempha tchuthi, chithunzi cha mafupa a chule.

"Tsamba lanulo linapita ndi tempe wa munthu," anatero mkaziyo. "Pano lili m'ngalande. Abakha ajatu akuti alipo mazana awiri."

Apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira, ndipo palibe amene angawadzudzule. Koma Darmaji anaganiza motere: khomo lija linayankha. Linayankha zopusa, koma linayankha. Ndiye kuti kabatiyo ilipodi, ndipo chimene ankafuna chili mu dilowa ina. Kuti aipeze, ankafunika kompyuta yotsegula, yoti azichotsa ndi kubwezera timatabwa n'kumaona nambala imene ikusintha. Kompyuta yotero, mwini wake wosaopa kuonedwa m'kati, inali m'shopu imodzi yokha.

Anakwera masitepe atagwira khoma, nakaima pakhomo pa Koh Hian chipewa chili m'manja.

"Koh, ndinalakwa."

"Unalakwira pakhonde. Ukupepesera m'kati?"

"Ndiye nditani?"

"M'mawa uliwonse uziima pamene unaima paja, n'kukuwa kuti Koh Hian si wakuba. Katatu. Mawu ake omwe aja. Ukatero, kompyuta ya pabenchiyo ndi yako nthawi imene ine ndikudya."

Mwezi wosala kudya unayamba. M'mawa uliwonse, mashopu akutsegulidwa, Darmaji ankaima pakhonde: "Koh Hian si wakuba! Koh Hian si wakuba! Koh Hian si wakuba!" Gunadi ankayankha kutsidya kuti, "Amina!" Masana nkhalamba ija inkatsegula mbale yake ya nkhuku n'kumadya pang'onopang'ono pambali pa munthu wosala, iye mate akumeza, maso ali pa kiyibodi.

Munthu wanzeru akanayamba ndi dilowa yoyandikana ndi 48. Darmaji anati woyandikana ndi wabodza nayenso ndi wabodza. Anayambira kutali, pa dilowa yoyambirira.

Anagogoda, inati 17. Anagogodanso, inati 23. Kachitatu inati 35.

"Koh! Koh! Memore ikukula yokha!"

Koh Hian anasuzumira, fupa lili m'kamwa.

"Imeneyo ndi wotchi, chitsiru iwe. Ukuwerenga masekondi."

Anapitiriza. Dilowa iliyonse ankaifunsa timatabwa tili tinayi, n'kuzimitsa, n'kuchotsa tiwiri, n'kuyatsa, n'kuifunsanso. Ankalemba mayankho kumbuyo kwa mapepala a tempe. Theka la ola linkatha atafunsa madilowa atatu, mwina anayi, ndipo tsiku limene wasokoneza chilembo chimodzi, linkatha osafunsa kanthu. Nthawi yonseyi katundu ankanyamulabe. Ankatsika masitepe chammbali ngati nkhanu.

Pa dilowa 24 nambala inasintha. Darmaji anadumpha, naiwala maondo, nakhalanso pansi akubuula.

"Usasangalale," anatero Koh Hian. Anasuntha mbale, nadina apa ndi apo, ndipo nambala ija inasinthanso popanda kukhudza katabwa. "Imeneyo ndimalembamo ndine. Gunadi nayenso amatha."

Darmaji anaikhwatcha mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Dilowa imene wogulitsa ali ndi kiyi wake si mboni.

Panapita masabata awiri. Sulikah anali atayamba kale kumanga mapoto m'makatoni. Darmaji anafika pa 48, nailumpha osaiyang'ana, nagogoda pa 49.

Timatabwa tinayi: 12. Timatabwa tiwiri: 4.

Anapempha Koh Hian kuti aisinthe ndi zala monga anachitira ija. Nkhalamba inayesa, koma nambala sinasunthe. Anakafunsa kompyuta yodula imene inali pashelefu, ya mamega asanu ndi atatu. Inati 28.

Darmaji sukulu analekeza, koma munthu amene wakangana ndi okwera becak zaka makumi awiri samuphunzitsa masamu. Anayang'ana 4, 12 ndi 28, milomo ikugwedera.

"Kugawa ndi zinayi, n'kuwonjezera imodzi. Ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Koma Koh, imodziyi ikuchokera kuti?"

"Mega yoyamba saiwerengera pamenepo. Ndi imene imayendetsa zinthu."

"Ngati wopalasa. Sawerengedwa pa okwera."

"Eya. Ndipo 48 yako ija sinaname. Nambala ikakula amaidula pawiri, yaikulu kuika mu 49, zotsalira mu 48. Zotsalira zikapanda kukhalapo, ukufuna inene chiyani?"

"Ndiye mumadziwa, Koh? Masiku onsewa?"

"Unandifunsa? Komanso kukuwa kwako kwa m'mawa kwandibweretsera makasitomala asanu."

Anthu ndi otero. Ngakhale wachilungamo ali ndi kake.

Komabe kudziwa chinthu n'kwina, kukhulupiriridwa n'kwina. Darmaji akayandikira wogula ndi disiketi yake, ogulitsa ankangoti, "Ameneyo ndi Ziro," wogula n'kufumbatira chikwama. Kutatsala masiku anayi kuti Idi ifike, Sulikah anabwera ndi matikiti a basi. Anali opita okha, opanda obwerera.

Masana omwewo Gunadi anamuitana. Bu Rukmini, mayi wamasiye wa sukulu yophunzitsa kutayipa, anali kugula makompyuta khumi, iliyonse ya mamega anayi. Anali atagulitsa munda wa malemu mwamuna wake. Mabokosi anali pansi kudikira msana wa Darmaji, imodzi ili pa tebulo, yoyaka.

"Bu," anatero Darmaji, "ndiloleni ndiifunse kompyutayi."

"Ziro, nyamula katundu," anatero Gunadi. "Bu, musamumvere, mutu wake unakazingidwa ndi tempe."

Mayiyo anayang'ana Gunadi, amene ankamwetulira mpaka mano a kumapeto. Anayang'ana Darmaji, amene sankamwetulira n'komwe.

"Ifunseni," anatero.

Darmaji analowetsa disiketi. Sikirini inati 4.

"Mwaona?" Gunadi anaomba m'manja. "Zinayi! Ngakhale chitsiru chavomereza!"

"Ikanakhala ya mamega anayi ikanati 12. Muno muli awiri, Bu."

Anthu anali atayamba kusonkhana. Wina anakuwa kuti, "Ziro wayambanso!" Gunadi analeka kumwetulira.

"Chabwino. Tsegulani. Koma tikapeza timatabwa tinayi, iwe Darmaji usadzapondenso m'nyumba muno. Onsewa ndi mboni."

Darmaji anayang'ana khamu lija. Anali atalakwitsa kale kamodzi pamaso pa anthu omwewa.

"Ndavomera."

Bu Rukmini anazula pini pa mpango wake, nadula sitika. Bokosi linatsegulidwa. Mitu inawerama.

Timatabwa tinali tinayi.

Phokoso limene linabuka linamveka mpaka kwa okazinga pansi. Alonda anayamba kuyandikira. Gunadi anatambasula manja ngati wolandira mvula.

"Pita bwino, Ziro. Ukawapatse moni abakha."

Kodi za abakha anazimva kwa ndani? Mkazi wako yemwe ndiye amagulitsa nkhani yako pamodzi ndi tempe. Darmaji anayang'ananso m'bokosimo. Maso ankamuuza kuti tinayi. Dilowa inkamuuza kuti awiri. Masabata awiri anali ataona dilowa imeneyo ikukana kunama ngakhale kwa Koh Hian. Za maso, anali atakhala ndi zaka zokwanira kudziwa kuti amagulidwa.

"Bu, tinayi taoneka. Koma pa maliro si onse obwera amene amalira. Ndiloleni ndichotse tiwiri."

Anazimitsa, nazula tiwiri ta kumapeto, nayatsa. Kompyuta inayaka bwinobwino, osadandaula kuti yasowa kanthu. Anagogoda. Inati 4, monga poyamba.

Darmaji anazimitsanso.

"Tsopano tisiyemo tiwiri ndachotsati tokha."

"Mukundiwonongera katundu!" anakuwa Gunadi.

"Katunduyo ndi wanga," anatero Bu Rukmini. "Ikani."

Darmaji anasinthanitsa, nayatsa. Sikirini inakhala bii. Kompyuta inayamba kulira, pii, pii, pii, ngati mwanapiye wotayika. Koh Hian, amene anali atafika mwakachetechete, anatola kamodzi ka timatabwa tija, nakakanda ndi chikhadabo. Kanali kapulasitiki kopakidwa utoto, m'kati mopanda kanthu.

"Ntchito yabwino iyi, Gunadi," anatero. "Wapenta ndani? Ndikufuna andipentere chitseko."

Anthu omwe aja amene ankakuwa kuti Ziro anatembenuka ngati tempe m'mafuta. "Ife timadziwa kale!" "Cak Darmaji ndi katswiri, ndinkanena ine!" Gunadi anati ndi anyamata a kosungira katundu, anati ndi a ku fakitale, pomaliza anati mutu ukumupweteka chifukwa cha kusala.

Bu Rukmini anatseka chikwama chake. Makompyuta khumi anakagula kwa Koh Hian, koma anati salandira ngakhale imodzi imene Darmaji sanaifunse.

"Ngakhale zanga?" anafunsa Koh Hian.

"Makamaka zanu. Munthu amene amachita kukuwiridwa m'mawa uliwonse kuti si wakuba, ine ndimamuopa."

Darmaji anazifunsa zonse khumi atakhala pa mpando wa pulasitiki. Asanamalize, bambo wina anali ataima kumbuyo kwake ndi kompyuta imene anagula dzulo lake, ndipo kumbuyo kwa bamboyo kunali ena awiri. Mawa lake Koh Hian anaika katebulo panja pa shopu yake. Sanachite izi chifukwa cha chikondi. Anaona kuti mzere wa anthu okwiya ndi ogulitsa ena ukuthera pakhomo pake.

Sulikah anakwera masitepe onse kudzaona yekha. Anayang'ana mzere, nayang'ana mwamuna wake ali khale, manja pa kiyibodi ngati kalaliki wa kubanki.

"Ndiye matikiti aja?"

"Tipita. Tikapereke moni, tikadye, tibwerere Lachitatu."

"Nanga achimwene ndikawauze chiyani?"

"Ukawauze kuti njinga yapeza poimika."

Darmaji sananyamulenso sikirini. Sanalemere ayi, musanamizidwe. Olemera ndi a Gunadi, amene anangosintha dzina la shopu n'kupitiriza. Patapita zaka, makompyuta anayamba kunena okha memore yawo kwa aliyense wodina, ndipo disiketi ija inatha ntchito. Koma pofika nthawi imeneyo Darmaji anali atafunsa makomo ena ambiri a m'kati mwa kompyuta, moti ankakonza zimene anyamata a madigiri ankati zatha. Wakalamba akuyenda ndi miyendo yake, ndipo ana ake awiri anamaliza sukulu.

Tsono inu amene mwakhala pansi lero, anthu akukusekani, mwina akuseka zoona. Mwina munalakwitsadi, pagulu, mokuwa. Zimenezo sizikupha. Chimapha n'kuganiza kuti yankho loyamba lopusa ndilo lomaliza. Palibe amene adzabwere kudzakupatsani tsamba lotsala. Amene ali nalo amakuyang'anani akudya nkhuku. Kapepeseni kumene munalakwira, mezani mate, n'kuyamba kufunsa chimodzichimodzi mpaka chimene sichinama chikuyankheni. Musakhulupirire wogulitsa, musakhulupirire khamu, ngakhale maso anu muziwafunsa kawiri. Koma mtima wokhawo, gwirani zolimba, osautaya. Mukautaya pansi m'dziko lino, wina autola n'kukugulitsani.